Dzimbiri la a Jonasi ndi Nkhuku za Apongozi

Mukadzamva anthu a ku Area 23 akutchula "chinkhoswe cha soya", musavutike n'kufunsa kuti anachichititsa ndani. Ndine. Ndaganiza zoinena ndekha nkhaniyi chifukwa akamaifotokoza alamu anga amaikokomeza, ndipo akamaifotokoza mkazi wanga amadumpha mbali zonse zomwe ine ndinachita bwino (zilipo, kungoti zimafuna munthu wofufuza modekha).

Ine ndimakonza mafiriji ku Biwi. Ndakhala pa ntchitoyi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo pa zaka zonsezi chipembedzo changa chakhala chimodzi: chitsulo chisanaone moto, chikwecheni mpaka chiwale. Amene anandiphunzitsa ntchito ankandiomba khofi m'khutu akapeza kadontho kakuda pa paipi yomwe ndikufuna kuwotcherera, ndipo ankachita bwino, chifukwa pa mkuwa wosakwecha palibe chimagwira. Kuyambira pamenepo sandipepa amakhala m'thumba la malaya anga, momwe anzanga ophunzira amaikamo bolopeni. Dzimbiri ndimadana nalo kuposa kasitomala uja amabwera n'kumati "mungoyang'anako pang'ono". Anthu amati ndine wosachedwa kupsa mtima. Si zoona. Ndimangofulumira kuzindikira kuti munthu akuyankhula zopanda pake, basi.

Tsono apongozi anga aakazi, aNankhoma, amakhala ku 23. Ndi a ku Ntcheu, ndipo mwambo anabwera nawo m'tauni wathunthu, osasiyako ngakhale kachidutswa. Chikwatirireni mwana wawo, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anali asanandiyankhulepo maso ndi maso. Tikakumana pakhomo iwo amapatuka, n'kuyang'ana kukhoma, mawu onse n'kumadzera mwa mkazi wanga: "Muwauze bambo a Chisomo kuti tiyi wapsa." Ine ndili pomwepo, poti n'kutambasula dzanja ndiwakhudza. Anthu amati ndi ulemu. Ulemu ulipo ndithu, sindikukana. Koma ndimadziwanso kuti mwana wawoyo ankamufunira mphunzitsi, ndipo ntchito yanga amaitchula kuti "zijazi amachita ku Biwizi".

Pakhonde lawo lakuseri pali firiji yaikulu yogona, ija yotsegulira pamwamba ngati bokosi. Anawagulira ndi malemu apongozi aamuna, ndipo ndi imene inaphunzitsa ana onse a m'nyumbamo ndi mafirizesi. Chaka chimenecho, mu Okutobala, dzuwa likuswa mutu, mwana wawo womaliza, mlamu wanga Tiyamike, anali ndi chinkhoswe. Apongozi anaweta nkhuku zoyera makumi atatu ndi zisanu ndi imodzi, kuzidzukira m'mawa ngati makanda, kuziyankhula kuposa momwe anandiyankhulirapo ine. Dongosolo linali lakuti amayi a kumpingo abwere Lachitatu masana kudzapha ndi kusosola, chifukwa masiku otsatirawo anali a kuchigayo ndi a thobwa. Nkhukuzo zidikire Loweruka m'firiji.

Lolemba m'mawa firijiyo inangoti phu kumbuyo kwake, utsi pang'ono, mafuta pansi, n'kukhala chete.

Kwa inu amene firiji mumangoidziwira potsegula: kumbuyo kwake kuli kamphika kakuda kotsekedwa mbali zonse, kompuresa, ndipo ndi kamene kamapopa gasi woziziritsa. Magetsi amalowa m'kamphikamo kudzera pa mapini atatu obowola khoma lake. Pini iliyonse yazunguliridwa ndi kagalasi kosungunulidwira pomwepo, kuti magetsi asakhudze mphika, komanso gasi asapeze potulukira. Pa firiji ya apongozi pini imodzi inapsa, galasi lake n'kuphulika. Munthu wanzeru akaona zimenezi amataya kompuresa yonse n'kuika ina. Inenso tsiku limenelo ndinayamba ngati munthu wanzeru. Ndinazungulira masitolo a m'tauni mpaka mapazi kutupa, ndipo onse anandiuza zofanana: ya msinkhu umenewo, ya firiji yakale choncho, ndidikire galimoto ya ku Joni, masabata atatu.

Nditabwerera ku 23 ndinapeza mayi a Chisomo (mkazi wanga, munthu amene amakhoza nthawi zambiri, ndipo ndilo vuto lake lalikulu) atapeza kale njira. Mwini butchala wa pamsika ali ndi chipinda chozizira, ndipo anali atavomera kusunga nkhukuzo mpaka Loweruka. Nkhani yonseyi ikanathera pomwepo, inu simukanakhala ndi chowerenga. Koma apongozi, nkhope ili kukhoma, anaonjezera mawu.

"Muwauze bambo a Chisomo asadzivutitse. Chikadzatha chinkhoswe tidzaitana wodziwa."

Wodziwa. Ndinauza mkazi wanga, mokweza kuti khomalo limve bwino, kuti nkhuku za apongozi a munthu wokonza mafiriji sizikagona kubutchala ine ndili moyo, ndipo Lachitatu lisanafike masana firijiyo idzakhala itaumitsa madzi. Mayi a Chisomo anandiyang'ana momwe amayang'anira mwana akamakwera mtengo wa mango ndi nsapato za kutchalitchi. Ndinamasula kompuresa, kukwera nayo kabaza mpaka ku Biwi, kuidula pakati. Mkati munalibe vuto, mawaya onse amoyo. Chofunika chinali pini imodzi yokha ndi galasi lake. Momwe galasi amalimatira pa chitsulo ndinali ndisanachitepo chibadwire, koma zimenezo sindinaone chifukwa chouzira munthu.

Amene ndinkadziwa kuti anachitapo ndi a Jonasi, mdala wa kutchalitchi kwathu, wa ku Kawale. Anapuma ntchito kalekale. Ankagwira m'labu ya pasukulu ina ya ukachenjede, kusungunula ndi kupinda magalasi a anthu a sayansi. Masiku ano diso limodzi lachita ng'ala, manja amanjenjemera moti tiyi amamwa theka, theka linalo amamwetsa malaya. Amaweta nkhunda. Ndipo amayankhula pang'onopang'ono, nkhani iliyonse kuiyambira kumene inabadwira.

Lachiwiri m'mawa ndinali pakhonde pawo. Atamva vuto langa analowa m'nyumba, kukhalako nthawi yokwanira kuphika nyemba, n'kutuluka ndi kachitini ka mafuta odzola. Mkati munali thonje, m'thonjemo mapini atatu, iliyonse ndi kamphete kake kachitsulo ndi kamkanda ka galasi. Anati ndisazigwire ndi zala. Anati msomali wamba sungachite, chifukwa ukatenthedwa umafufuma kuposa galasi, pozizira umanyala, galasi n'kusweka. Ichi, anati, ndi chitsulo chosakaniza ndi nikelo ndi kobaliti, chosakanizidwa dala kuti chizifufuma ndi kunyala pamlingo umodzi ndi galasi lolimba la m'labu. Mpaka pamenepa ndinkamvetsera. Kenaka anayamba za mzungu amene anawaphunzitsa, za ng'anjo yomwe anali nayo kuntchito, za wotchi yomwe ankawerengera mphindi, za mnzawo wina amene anamwalira, ine maso ali pa wotchi yanga. Atafika pakuti, "Tsono a mekaniki, chachikulu kwambiri ndi khungu lotuwali," ndinawadula. Ndinati sayansi ndinaiphunzira mpaka Folomu 4, ndipo moto ndinayamba kugwira nawo ntchito iwo asanayambe kunjenjemera (ndinanenadi choncho, Mulungu andikhululukire, a Jonasi anandikhululukira kale).

Mdalayo sanakwiye. Anandiyang'ana ndi diso labwinolo, anayang'ana mapini atatu aja, n'kubwezera imodzi m'chitini.

"Iyi ndisunge," anatero. "Mukabweranso mundipeza pompano."

Nditafika ku Biwi n'kumasula thonje lija padzuwa, ndinaseka ndekha. Mapiniwo anali otuwa mbuu ngati miyendo ya mwana wosadzola. Timphete natonso chimodzimodzi. Ndinati taonani, munthu wa m'labu, wophunzitsidwa ndi mzungu, wasunga zitsulo mpaka kuchita dzimbiri, ndiye n'kumandiuza kuti ndisazigwire ndi zala ngati ndi mkate wa mgonero. Ndinatulutsa sandipepa. Ndinakwecha pini yoyamba, ndinakwecha yachiwiri. Timphete ndinachita kupinda sandipepa n'kumulowetsa mkati. Ndinamaliza ndi wosalala uja, kenaka nsalu. Zinawala, abale. Munthu akanatha kudziyang'anirapo pometa ndevu. Pa moyo wanga sindinakwechepo chinthu mwaluso choncho, ndipo mu mphindi khumi ndi zisanu ndinali nditachotsa chinthu chenicheni chimene mdala uja anasunga m'thonje zaka zonsezo.

Ndinayatsa tochi yowotcherera, n'kuchepetsa mpweya kuti moto usadetse chitsulo, monga timachitira masiku onse. Galasi linafewa, koma m'malo moyenderera pa pini linangodziunjika ngati dontho la madzi pa mbale yamafuta. Ndinalikankha ndi kawaya. Ndinalitukwana. Ndinatukwananso amene analipanga. Pomaliza linaoneka ngati lagwira. Litazizira ndinagwira pini ndi pulayazi kungoyesa, ndipo inazuka ngati dzino la mwana wa sitandade wani, yowala bwinobwino, galasi n'kutsala ndi kabowo likundiyang'ana. Ndinaiponya padenga la garaja yoyandikana nafe. Ilipobe mpaka lero, ndipo ndikukhulupirira kuti tsopano yatuwa.

Masana ndinawaimbira foni a Jonasi kuti ndiwauze zoti mapini awo ndi achinyengo. Anandilola kumaliza (iwo amalola munthu kumaliza), kenaka anafunsa.

"Mwawakwecha?"

Ndinati funso limenelo silikukhudzana ndi nkhaniyi.

"Onse awiri?"

Kumbali kwawoko ndinkamva nkhunda zikulira ngati nazonso zikudziwa.

Ndiye anapitiriza pomwe ndinawadulira m'mawa paja, osadumpha liwu. Anati galasi silifuna chitsulo chamaliseche. Khungu lotuwa lija si dzimbiri la mvula ayi, ndi chitsulo chomwe chadya mpweya chili pamoto waukulu. Pansi khungulo limagwira chitsulo chifukwa labadwira pomwepo, pamwamba galasi likasungunuka limamwako khungulo, ziwirizi n'kukhala chinthu chimodzi. Mapini aja anawawotcha okha m'ng'anjo ya kuntchito, pa kutentha koyeza ndi mphindi zowerenga, ine n'kudzazifafaniza zonsezo ndi pepala la ku hadiweya. Koma anati sizinatheretu. Pini yotsalayo ndiiike pamoto wampweya wambiri, ifiire ngati khala lomwe layamba kuzirala, mphindi zochepa chabe, ndiichotse, ndiione mtundu.

"Ituwe ngati mbewa, a mekaniki. Ikawala sinafike. Ikada mwapyola."

Anatinso khungu likanenepa limanyenga. Galasi limagwira mwamphamvu moti munthu umadziombera m'manja, koma khungu lotero lili ngati nkhanambo, lodzaza tinjira tosaoneka ndi maso, ndipo gasi amayenda m'tinjiramo pang'onopang'ono mpaka kutha. Mawu amenewa ananena. Ndinawamva ndi makutu anga awiri. Ndikulemba pano kuti mbiri ikhale yoona, chifukwa kwa miyezi ingapo ndinkauza anthu kuti pamenepa netiweki inadula.

Chimene chinakhala m'mutu mwanga ndi china. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikumenyana ndi dzimbiri, lero woweta nkhunda akundituma kuti ndilipange ndekha, ndi gasi wanga. Ndinagona nazo, ndinadzuka nazo.

Lachitatu m'mawa ndinatsegula mpweya, ndinaika pini ndi kamphete pamoto. Zinafiira. Patapita mphindi zitatu ndinazichotsa, ndipo zitazizira zinali zotuwa bwinobwino. Mbewa yeniyeni, ikanakhala ndi mchira ikanathawa. Munthu aliyense wokonda banja lake akanazimitsa tochi pomwepo. Ine ndinaziyang'ana n'kuona kuti kakhungu kameneka n'kofanana ndi kaja ndinakachotsa dzulo ndi zala ziwiri. Kameneka kasunge nkhuku makumi atatu ndi zisanu ndi imodzi? Ndinati mdala uyu ndi woumira, chilichonse amachita pang'onopang'ono, ngakhale dzimbiri amapima ngati shuga wa mlendo. Akufuna dzimbiri? Ndimupatsa la chaka chonse. Ndinabwezera pamoto, n'kuonjezera mphamvu. Pini inachoka pa mbewa yamoyo, kufika pa mbewa ija amagulitsa pakamtengo m'mbali mwa msewu wa ku Dedza, kupitirira mpaka pa makala. Pamenepo ndiye mtima wanga unakhala pansi.

Galasi linagwira ngati nkhupakupa. Litazizira ndinakoka ndi pulayazi mpaka mitsempha kuimirira pakhosi, pini osagwedera. Pansi pa galasilo panali pakuda bii, ndipo ine ndinati ndiko kukhwima kwake. Ndinamata kamphete pa khoma la kompuresa ndi moto wochepa, ndinalumikiza waya, ndinawotcherera mphika, kabaza, ku 23. Ndinalumikiza mapaipi, kupopa mpweya wonse kunja, kuthira gasi. Ndiye pali kamwambo kathu kena: umapaka thovu la sopo paliponse pomwe wagwira, n'kudikira kuti uone ngati patukuke kathovu. Ndinapaka. Ndinadikira. Pa pini yanga yakuda paja panayamba kutukuka kathovu kamodzi, kakang'ono, kaulesi, ngati kakuchita manyazi. Ndinakayang'ana, nakonso kanandiyang'ana. Ndinati sopo wa masiku ano ndi wamathovu ambiri, ndinakapukuta ndi chala.

Pasanathe ola m'firiji munayera chisanu. Ndinaitana mayi a Chisomo kuti agwire okha. Kenaka ndinaimirira pakati pa khonde, manja m'chiuno, n'kunena kuti awauze amayi kuti wodziwa uja asamuvutitse, aphe nkhuku.

Apongozi, nkhope kukhoma, anati mwana wawo andifunse ngati ndatsimikiza, chifukwa abutchala aja akadali okonzeka. Ndinati awauze kuti zaka makumi awiri ndi ziwiri si masewera.

Amayi a kumpingo anagwira ntchito yawo. Pofika madzulo nkhuku zonse zinali zitagona m'firiji, zosanjikizana, zikadali zofunda. Apa ndiye ndinaonetsa utsogoleri. Ndinalamula kuti firijiyo isatsegulidwe mpaka Loweruka m'mawa, chifukwa pakhomo pakakhala chinkhoswe aliyense amafuna kuikamo kabotolo kake ka madzi, kuzizira n'kumathawa. Poona kuti lamulo lopanda loko ndi nyimbo chabe, ndinakhoma loko, kiyi n'kuika m'thumba la malaya, pamodzi ndi sandipepa. Onani bwino pamenepa: panalibe munthu wina padziko lapansi akanatha kuona zomwe zikuchitika m'firijimo, ndipo amene anakonza zimenezo ndi ine.

Lachinayi magetsi anathima kuyambira m'mawa mpaka masana, monga mwa chikondi chawo. Kompuresa ikaima gasi amabwerera kudzadzaza m'mphika n'kumakankha makoma, ndiye mungoganiza kuti tinjira ta a Jonasi tija tinali ndi alendo angati tsiku limenelo. Magetsi atayaka mayi a Chisomo, amene sabata imeneyo ankagona kwa amayi awo, anandiimbira kuti firiji ikungolira osapumira. Ndinati ikulimbikira ntchito, zomwe abale awo ena angaphunzireko.

Lachisanu masana ndinapita kukathandiza kuimika tenti. Kuseri kwa nyumba kunali kafungo. Osati fungo ayi, kafungo, kobwera n'kumapita. Ntchentche zobiriwira zinayi kapena zisanu zinkayendera chivindikiro cha firiji ngati zikufuna nyumba ya lendi. Mkazi wanga anatambasula dzanja kuti ndimupatse kiyi. Ndinati akatsegula kuzizira kuthawa, ndiye Loweruka asadzandilirire. Kenaka ndinatsata fungolo ndi mphuno yanga ya ukatswiri, n'kukathera pa mpanda wa aneba, a Magombo, bambo wofatsa wopuma ntchito ya ulonda. Chimbudzi chawo chili chapafupi ndi mpandawo. Ndinawaitana. Ndinawauza, anthu oimika tenti onse akumva, kuti mawa pano pabwera anthu aulemu ochokera ku Chigwirizano, ndiye chimbudzi chawocho achithire phulusa kapena achigwetse, asatichititse manyazi. A Magombo anati chimbudzicho chakhala pomwepo zaka zambiri ndipo sichinayambanepo ndi munthu. Ndinati chayamba lero. Ndinanenanso zina zokhudza zomwe amadya pakhomo pawo, zomwe sindilemba pano chifukwa ana anga amatha kuwerenga.

Loweruka m'mawa ndinafika nditavala suti ya pa ukwati wanga, ija batani lake linasiya kugwirizana ndi mimba. Kuseri mafuwa anali atayalidwa, moto ukuyaka, mafuta ali m'mapoto, amayi khumi ndi angapo atamanga zitenje zofanana, mipeni m'manja. Apongozi anakhala pa mkeka chapatali, msana kwa ine. Ndinatulutsa kiyi pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Firiji inali ikulirabe mokhulupirika. Ndinakweza chivindikiro.

Sindidziwa ngati munamvapo fungo lomwe limakhala ndi kulemera. Ili linandimenya pachifuwa. Mkati munali mofunda ngati m'minibasi ya masana. Nkhuku zinali zitafufuma, zobiriwira m'mapiko, zikusambira m'madzi awoawo. Amayi a kumpingo anabalalika, wina kusiya patapata, wina kuthamangira kumpanda wa a Magombo kukapuma mpweya wabwino wa kuchimbudzi. Galu wa pakhomopo, amene amadya chilichonse ngakhale sopo, anadzuka n'kutuluka pageti osacheuka. Ine ndinagwada kumbuyo kwa firiji, osati kupemphera, koma kuyang'ana. Pa pini yanga yakuda panali kachizindikiro ka mafuta, kozungulira, konyowa. Gasi yense anadutsa pamenepo, mwaulemu, mmodzimmodzi.

Panalibe amene anandikalipira. Ndikanakonda akanatero, chifukwa kukalipirana ndimakutha. Mayi a Chisomo anangophimba pakamwa ndi chitenje. M'nyumba Tiyamike, amene ankamangidwa tsitsi, anamva nkhaniyo n'kuyamba kulira. Apongozi anadzuka pa mkeka paja n'kuzimirira kuseri kwa khola. Anabwerako ndi khasu. Anayenda molunjika kwa ine, anthu onse akuona, anagwada, anaika khasulo pamapazi anga. Kenaka anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso, koyamba pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

"Bambo a Chisomo," anatero, "likhale lakuya. Agalu angafukule."

Ndinali nditaganizirapo kambirimbiri za tsiku lomwe apongozi adzandiyankhule okha. Ndinkaganiza kuti kudzakhala pamaliro, kapena ndikadzamanga nyumba ya malata opaka utoto. Mawu ake sanali amenewa. Koma ndinalandira khasu ndi manja awiri, ndipo ndinakumba, m'suti, dothi la Okutobala louma ngati simenti. Linali dzenje labwino kwambiri. Iyi ndi imodzi mwa mbali zija mkazi wanga amadumpha.

Nditamaliza kukwirira mayi a Chisomo anandikumbutsa kuti ankhoswe sangamange banja popanda nkhuku yowotcha yoti ang'ambirane. Msoti wamoyo wosinthana ndi akuchimuna unalipo, koma yowotcha inali pansi pa dothi ndi anzake. Pafupi ponsepo amene anali ndi nkhuku zachikuda anali munthu mmodzi. Ndinagogoda pageti la a Magombo, dothi lili m'makutu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, anati ndidikire pang'ono, n'kulowa m'chimbudzi chija. Anakhalamo nthawi yaitali kuposa momwe munthu amafunikira. Atatuluka anasamba m'manja mosafulumira, anandifunsa ngati kwathuko mpweya wayambako bwino, kenaka anagwira thadzi lonenepa n'kundipatsa. Anati ndisathokoze iwo, ndi mphatso yochokera kuchimbudzi.

Alendo ena onse anadya mpunga, kabichi ndi soya. Azakhali a mkamwini watsopanoyo anafunsa mwaulemu ngati banja lathu limasala nyama. Woyendetsa mwambo, amene ndinkamuyesa mnzanga, anaitana "injiniya wa pabanja pano" kuti aimirire anthu amuone, ndipo anthu anaomba m'manja nthawi yaitali kuposa momwe anaombera akuchimuna. Tiyamike anadzandiyankhulanso pa Khirisimasi, ndipo anangofunsa ngati ndamuonera mwana wa akulu ake panja.

Lolemba ndinamasula kompuresa ija n'kupita nayo ku Kawale. A Jonasi ndinawapeza pomwe ananena kuti ndiwapeza. Anaiyandikiza kompuresa ku diso labwino lija, anayang'ana pini yakuda ija nthawi yaitali, n'kufunsa kuti chitsulochi chinandilakwira chiyani. Anatenga kachitini kawo, tinakwera minibasi limodzi mpaka ku Biwi. Tisanayambe anatambasula dzanja lonjenjemeralo n'kupempha sandipepa. Ndinawapatsa ndikuganiza kuti akufuna kukwecha penapake. Anamuika m'thumba lawo la jekete, n'kumanga batani.

Pini yachitatu, yotuwa momwe inatulukira m'ng'anjo zaka zakalezo, sinakhudzidwe ndi chala. Ine ndinagwira tochi, iwo anagwira dzanja langa, ndipo chodabwitsa n'chakuti manja awo akayandikira moto amasiya kunjenjemera. "Sendezani. Basi. Dikirani. Ndati dikirani." Galasi linayenderera lokha pa pini ngati likubwerera kwawo. Sizinathe mphindi zisanu. Litazizira pansi pake panali potuwa, mbewa ndithu. Tinapaka sopo, ndipo anandikhazika pamenepo theka la ola kuyang'ana thovu lomwe silinatukuke, akundifotokozera nkhani ya mzungu uja kuyambira pachiyambi. Ndinaimva yonse. Ndi yaitali, ndipo mzunguyo pamapeto pake amangokwera ndege n'kupita.

Firijiyo ikugwira ntchito mpaka lero. Apongozi amauza aliyense wogula mafirizesi kuti anaikonza ndi mdala wa diso limodzi wa ku Kawale, ndipo bambo a Chisomo anathandizako kugwira tochi. Apongoziwo anabwereranso kukhoma kwawo kuja. Mawu asanu ndi awiri aja ndiwo gawo langa lonse.

Mayi a Chisomo amati phunziro la nkhaniyi n'lakuti ndizilola anthu kumaliza zomwe akunena. Ine ndimati phunziro ndi la a Jonasi: munthu ukakhala ndi mfundo yaikulu uziyamba nayo, osati kudzera kwa azungu ndi anzako akufa. Sandipepa wanga sanandibwezere. Ndinagula wina m'mawa mwake. Ndipo ndivomere, ndikapita ku 23 n'kusuzumira kumbuyo kwa firiji, kapini kotuwa kaja kamandiyabwa m'zala mpaka ndimaika manja m'thumba.

Pa dzenje paja apongozi anabzalapo papaya. Palibe papaya wina ku 23 konse amabereka choncho. Akapsa amasankha wamkulu, amamukulunga m'nyuzi, n'kupatsa mkazi wanga ine ndili pomwepo.

"Muwapatse bambo a Chisomo," amatero, nkhope ili kukhoma. "Ndi thukuta lawo."

Ndimadya. Ndi wokoma kwambiri, ndipo zimenezo ndi zomwe zimandipsetsa mtima.